Chamba cha Ababa

Adzukulu anga akandifunsa za njala ija, amadikira kuti ndiyambe ndi maliro. Maliro analipo, sindikukana. Koma ine ndikatsinzina, chimene chimayamba kubwera ndi kulemera kwa mtsuko pamutu, ndi mkwiyo umene ndinkayenda nawo mumtima chifukwa cha bambo anga ondibala.

Ine ndine Aida. Chaka chimenecho ndinali ndi mwana mmodzi yekha, Elube, wa zaka zitatu. Tinkakhala pa malo a mzungu kumunsi kwa phiri la Thyolo, pafupi ndi njira yotsikira ku Masambanjati. Makolo anga anawoloka Ruo kuchokera kwa Apwitikizi ine ndili kumsana. Malo okhala anawapeza, koma anali ndi mwini wake, ndipo mwini wakeyo ankafuna thangata: mwamuna aliyense wamphamvu azikamugwirira ntchito m'dzinja, nthawi yomweyo imene munda wakenso ukumufuna. Mzunguyo anali atayamba kusiya fodya n'kumabzala tiyi, mbewu imene ife tinkaiseka poti sidyedwa.

Pakhomo tinalipo anayi: ine, amuna anga a Yohane, Elube, ndi ababa, a Namakhwa. Amayi anali atapita ndi chimfine chija chinasesa anthu nkhondo ya Ajeremani itatha. Nkhondo yomweyo ndi imene inawononga ababa. Anawagwira kukanyamula katundu wa asilikali, ndipo kwinakwake m'mapiri anagwa ndi bokosi pamutu n'kuthyoka m'chiuno. Fupa linalumikizana lokha, koma mokhota. Anabwerako akukoka mwendo, ndi ululu umene sunawasiyenso. Chimene chinkawapatsa tulo chinali chimodzi chokha: chamba, kaliwo mmodzi dzuwa likamapendeka.

Mayina a miyezi ndinawadziwa pambuyo pake, ku tchalitchi. Ndiwaika pano kuti tisasokere.

Ogasiti

Dzinja lapitalo mvula inadula pamene chimanga chinkangomasula. Titakolola, nkhokwe inandilekeza m'chiuno. Aliyense wodziwa kuwerenga mimba ya pakhomo pake anadziwa kuti Khirisimasi sitifika.

Mwezi umenewo ababa anatulutsa kachipanda kawo ka njere za chamba. Njerezo zinali za mtundu umene anabwera nawo kuchokera kwawo, ndipo ankazisamala kuposa mano awo. Malo awo anali kuseri kwa chulu, m'kachigwa kozunguliridwa ndi nthochi, kumene kapitawo sankapondako. Mzungu sankafuna chamba pa malo ake. Ankati chimaulesitsa antchito, ndipo akachipeza ankachizulitsa.

Ababa anakumba maenje khumi atakhala pansi, mwendo wopuwalawo atauwongola kumbali. Dzenje lililonse linawatengera tsiku. Anasesa m'khola la mbuzi zathu ziwiri, n'kusakaniza ndowe zoumazo ndi phulusa ndi masamba owola a pansi pa nthochi. Ankawanyamula manyowawo m'chipapa chakale, kukankha chipapacho patsogolo, iwo n'kutsatira ndi ndodo.

"Ababa, mukubzala chilimwe chino, madzi muwatenga kuti?" ndinawafunsa.

"Chotsala cha chaka chatha chindifikitsa pa mvula yoyamba basi," anatero. "Ndikadikira dzinja, miyezi ya pakatiyi ndigona bwanji? Madziwo tidzaona."

Tidzaona ameneyo ndinali ine.

A Yohane anali m'kalasi ya ubatizo, chaka chachiwiri. Nkhani ya chamba inkawawawa, koma mkamwini sangaloze apongozi ake chala. Ankangonena kwa ine, maso ali pansi. "Amake Elube, aphunzitsi akadzamva, ine ndidzati chiyani?" Ine ndinkati munthu wodwala sitimuweruza. Nthawi imeneyo ndinali ndisanayambe kutunga.

Okutobala

Kamtsinje kathu kanaphwa. Chitsime cha pakati pa mudzi chinasanduka matope, kenako ming'alu. Kasupe mmodzi yekha ndiye sanaume, koma anali m'manja mwa mzungu, amene anamutchingira kuti azithirira nazale ya tiyi. Akazi tinalembedwa ntchito yothirira. Kuyambira m'mawa mpaka dzuwa pamutu tinkapungulira madzi pa timbande ta tiyi tokhala pa mthunzi wa udzu, ndipo Loweruka ankatipatsa phoso: mbale ya ufa ndi kamchere kokwana pachikhatho. Kumwa pomwepo ankalola. Kunyamula kupita nawo kunyumba ayi. Kapitawo ankasuzumira m'mitsuko yathu poweruka.

Ndiye ndikaweruka ndinkatsika ku Nswadzi, ulendo wotyola miyendo, kukafukula mumchenga n'kudikira kuti madzi abwere pang'onopang'ono. Mtsuko umodzi patsiku. Umenewo ndiye wakumwa, wophikira, wosambitsa mwana.

Ababa anaika lamulo: dontho lisatayidwe pansi. Madzi otsukira mbale, osamba m'manja, otsukuluza mphika, onse ankathira m'phale lawo. Elube ankamusambitsira pa mwala wa chibowo kuti madziwo awatungenso. Okhawo amene analowa mchere ankawakana, ati amawotcha mizu. Pa tsinde lililonse anakwirirapo kamphika kong'aluka, kukamwa kokha kukuonekera, kuti madzi azitsikira okha kumizu m'malo mouma ndi dzuwa. Pamwamba anayala makoko a nthochi. Asanathire ankalowetsa chala m'dothi, n'kuchiyang'ana ngati sing'anga.

"Uyu wakhuta, adikire mawa. Uyu ndiye akulira."

Mitengo ya chamba ija itafika m'chiuno, tsiku lina ndinawapeza atazula inayi.

"Mwatopa nayo?" ndinafunsa, mtima ukusekera.

"Awa ndi amuna," anatero akukutumula dothi kumizu. "Amangomwa madzi, osabereka kanthu. Ngati amuna ena a m'mudzi muno."

Ndinaseka, ngakhale sindinkafuna. Inatsala isanu ndi umodzi, yobiriwira ngati yagwa kumwamba, pamene dziko lonse linali lofiira ndi fumbi. Kubiriwira kumeneko ndi kumene kunkandipsetsa mtima. Ndikaiyang'ana ndinkaona khosi langa.

Novembala

Mvula inagwa masiku awiri, yamphamvu, ya fungo lokoma. Mudzi wonse unathamangira kumunda ndi mbewu. A Yohane anabzala tsiku limodzi lokha, lachiwiri kapitawo anabwera kudzawatenga, poti mzungu nayenso ankafuna kuwokera tiyi wake dothi likadali lonyowa. Ndinamaliza ndekha, Elube ali kumsana.

Chimanga chinamera bwinobwino. Kenako kumwamba kunayera ngati mbale yotsuka, masabata atatu. Timbewu tinapota masamba, tinagona, tinauma. Ndinkafukula ndi chala n'kupeza njere yomwe yapsera pansi isanatuluke.

Pamenepo ndi pamene mitengo ya zinthu inapenga. Kwa Che Asani, Myao amene anali ndi kagolosale pa Masambanjati, dengu la chimanga limene kale tinkagula ndi sikisi linafika mashilingi awiri, kuwirikiza kanayi, ndipo mwini wakeyo ankalumbira kuti nayenso akuligula modula. Mphekesera zinkauluka ngati ngumbi. Ena ankati sitima yatula chimanga cha boma pa Luchenza. Anthu anapita, anagona panjira, anabwerako ndi matumba opinda m'khwapa. Ena ankati kutsidya kwa Ruo chinangwa chikuwolera m'minda. Banja lina linazula zitseko n'kubwerera komwe linathawa, ndipo sitinamvenso za iwo. Mnzanga wothirira naye tiyi, a Malita, amuna awo anatsanzika kuti akupita ku Halale kukafuna ntchito, n'kuwasiyira ana atatu ndi nkhuku imodzi.

Ife tinagulitsa mbuzi zonse ziwiri. Ababa sanadandaule za mbuzizo. Anangolowa m'khola lopanda kanthu ndi kakhasu, n'kupala dothi la pansi, lakuda lija, mpaka kufika pa lofiira.

Disembala

Nkhokwe inatha. Tinayamba kudya kamodzi patsiku, phala la madeya ndi mango osapsa ophika. Tinali ndi kalongonda pang'ono, koma kalongonda amafuna madzi ambiri, kuphika n'kutaya, kuphika n'kutaya, apo ayi amazunguza mutu. A Malita anaphika wawo ndi madzi osakwanira, ndipo ana awo anagona masiku awiri akusanza.

Tsiku limene ndinayambana ndi ababa linali Lachitatu. Ndinafika ndi mtsuko wochokera ku Nswadzi, ndinautula m'khitchini n'kupita kukatola nkhuni. Pobwera ndinapeza madzi atatsika chikhatho chathunthu. Ndinathamangira kuseri kwa chulu. Ababa anali atagwada mbali imodzi, chikho chili m'manja.

"Ababa! Awa ndi madzi akumwa!"

"Ndatenga gawo langa lokha. Lero sindimwa."

"Gawo lanu? Dzulo munamwa? Dzana?"

Milomo yawo inali yosweka. Pamenepo ndinazindikira kuti chikho chimene ndinkawapatsa tsiku ndi tsiku chinkathera m'timiphika tija. M'malo momva chisoni, mkwiyo unandikwera mpaka m'makutu.

"Mwana wanu ndi uti, ine kapena udzuwu? Ine khosi likuthyoka, mdzukulu wanu akuonda, inu mukunenepetsa zosuta! Kuyambira lero madzi anga asafikenso kuno. Ngati mukuwafuna, mtsinje mukuudziwa."

Mawu amenewo ndinawalankhula kwa bambo ondibala, ndili chiimire, iwo ali pansi. Anangoyang'ana chikho chija n'kunena kuti, "Ndamva, mayi."

M'mawa mwake ndinapita kunazale. Poweruka ndinapeza Elube ali kwa a Malita, ababa kulibe. Ndodo kulibe, chipanda chachikulu kulibe. Ndinatsika njira ya ku Nswadzi ndikuthamanga. Ndinawapeza pakati pa chitunda, atatsamira mwala, dzuwa likuwawomba pamphumi. Mawondo anali atasupuka, chifukwa pokwera ankakwawa. Chipanda chinali pakati pa miyendo, chodzadza, atachitseka ndi masamba.

"Imwani," ndinatero.

"Si akumwa awa."

"Ababa, imwani, ndakupemphani."

"Aida," anatero, mawu akutuluka mokanda, "iwe umaona udzu. Ine ndikagona popanda utsi umene uja, fupa ili limandidya ngati galu. Ndimafuna kukuwa, koma ndimaopa kudzutsa mwana. Si kuti sindikukuonani mmene mukuvutikira. Ndikuopa, mayi. Ndikuopa miyezi ikubwerayi."

Sindinawamvepo akunena kuti akuopa, ngakhale ponena za nkhondo. Ndinakhala pansi pambali pawo. Anamwa pang'ono nditawagwirira chipandacho. Kenako ndinachisenza pamutu, iwo n'kukoleka dzanja paphewa langa, ndipo tinakwera chitundacho ngati nkhono. Kuyambira tsiku limenelo ndinkapita ku Nswadzi ndi mtsuko pamutu ndi chipanda m'manja. Sindinene kuti ndinkachita mokondwa. Ndinkachita basi.

Mvula yeniyeni inabwera Khirisimasi itayandikira. Tinabzalanso ndi mbewu imene ndinaipeza polima ganyu kwa kapitawo, tikudziwa kuti chimanga chimenechi tidzachidya mochedwa kwambiri.

Januwale

Tsopano madzi anali paliponse, chakudya ndiye kunalibe. Dziko linabiriwira ngati likutinyoza. Tinkadya bonongwe wopanda nsima, mitu ya nthochi yosinja n'kuyanika, ndi phoso la a Yohane limene linali la munthu mmodzi koma tinkagawana anayi. Ntchito ya akazi kunazale inatha, poti mvula inkathirira yokha.

Mvulayo inakokolola chonde, ndipo masamba a m'munsi a chamba chija anayamba chikasu. Ababa ankayenda m'njira kutola ndowe za mbuzi za eni, kuziviika m'phale masiku angapo, n'kumathira madzi akewo pang'onopang'ono mozungulira tsinde. Anakumbanso timingalande kuti madzi asadikhe pamizu. "Ludzu limapha, kukhuta kumaphanso," ankatero. Mitengoyo inali itawapitirira msinkhu, nsonga zitayamba kulemera ndi kunata, fungo lake likufika mpaka pakhomo mphepo ikatembenuka.

Fungolo ndi limene linatiulula. Lamulungu lina a Yohane anabwera kuchokera ku tchalitchi nkhope itagwa. Aphunzitsi anali atalengeza kuti ku mishoni kwabwera matumba ochepa a chimanga, ndipo ayamba kugawira a mpingo ndi a m'kalasi. Kenako anaitanira a Yohane pambali n'kuwauza kuti nyumba yosunga chamba siinakonzeke, kaya pa ubatizo kaya pa chimanga. Akazule kaye.

Nthawi imeneyo Elube anali atasiya kusewera. Tsitsi linafiira, mapazi anatupa, ndipo ukadina ndi chala chibowo chinkatsala.

A Yohane anachita chimene anali asanachitepo. Anapita pakhonde pa ababa, anakhala pansi atapereka mbali monga mwa ulemu wa mkamwini, n'kufotokoza zonse.

Ababa anamvetsera mpaka kumapeto. "Chimangacho n'chochuluka bwanji?"

"Akuti kadengu kamodzi pa banja."

"Masiku angati?"

"Mwina khumi."

"Chamba chija chatsala masabata atatu kuti chikhwime. Mukachizula lero ndi udzu chabe. Koma mwanayo ndi wanu, bambo, ndipo khasu lili apo. Ine sindikugwirani dzanja."

M'mawa mwake a Yohane anatenga khasu n'kuzungulira chulu. Ine ndinaima pakhomo ndikumvetsera, kudikira kulira kwa khasu. Kunali zii. Patapita nthawi anabwera, khasu lili louma, n'kulitsamiritsa pakhoma.

"Bwanji?" ndinafunsa.

"Ndaona njira imene amakwawamo," anatero. "Yachita kukumbika, amake Elube, ngati ya mbewa. Ndaimirira pamenepo, manja akana."

"Ndiye mwana afe chifukwa manja akana?"

Anatenga chipewa chawo n'kupita ku thangata osalawa kanthu. Lamulungu lotsatira dzina lawo linachotsedwa m'kalasi. Zaka ziwiri za kuloweza ndi kuyenda mtunda zinathera pomwepo, ndipo kadengu kaja kanapita kwa ena. Masabata atatu amenewo sindinalankhule bwino ndi mwamuna aliyense wa pakhomo panga. Ndinkafuna mbewa, ndinkafuna bowa, ndinkatafunira mwana chilichonse chimene ndapeza. Mwana wamng'ono wa a Malita tinamuika m'manda mwezi womwewo, ndipo pobwera kumandako sindinathe kuyang'ana mapazi a Elube.

Febuluwale

Ababa anadula chamba chawo m'mawa wina kopanda mvula. Anachipachika kudenga la khonde, pamthunzi, n'kumachitembenuza tsiku ndi tsiku. Chitauma anachikulunga m'makoko a nthochi, kumanga zolimba ndi luzi. Inatuluka mitolo khumi ndi iwiri, yaitali ngati chisononkho cha chimanga. Imeneyo inali tulo tawo ta chaka chathunthu.

M'phiri munali anthu ocheka matabwa, Asena ochokera kuchigwa, amene mzungu anawalemba kuti amuchekere mitengo yomangira nyumba ya makina a tiyi. Poti ntchito yawo inali yolemetsa ndipo ankawafuna kwambiri, phoso lawo linali lalikulu, ndipo ankalandiranso makaka ndi mtedza kuchokera kwa abale awo. Mkulu wawo anali a Bizeki, munthu wamtali wa mawu ngati ng'oma. Mbiri ya chamba cha ababa inawapeza, ndipo tsiku lina anatsika ndi anzawo awiri.

A Bizeki ananunkhiza mtolo umodzi n'kutseka maso. "Madala, ichi sindinachionepo kuno. Mwachithirira ndi chiyani, mkaka?"

"Ndi khosi la mwana wanga uyu," anatero ababa, osandiyang'ana.

Anakambirana nthawi yaitali. A Bizeki anati pa mitolo isanu ndi umodzi apereka madengu awiri a chimanga ndi limodzi la makaka. Ababa anavomera. Ine ndinali nditakhala pakhomo, Elube ali pamiyendo, mutu wake ukulendewera ngati wa mwanapiye wonyowa. Ababa anamuyang'ana, anayang'ana kumunda kumene chimanga chinali chikadali m'mawondo, ndipo ndinawaona akuwerenga masabata ndi milomo.

"Nanga pa khumi ndi umodzi?"

"Madengu anayi, makaka awiri."

"Tengani."

Unatsala mtolo umodzi pamphasa. Ababa anauika pamiyendo. A Bizeki atanyamuka kuti azipita, ababa anawaitananso.

"Mwati muli ndi mtedza?"

"Ulipo pang'ono."

"Mwanayu chimanga chokha sichimudzutsa. Akufunika nsinjiro m'phala." Anatambasula dzanja ndi mtolo womaliza uja.

"Ababa, umenewo sungani," ndinatero. "Zakwana."

"Khala chete, mayi. Ndikaganiza kawiri sindipereka."

Alendo atapita ndinagwada pafupi nawo, ndikufuna kunena mawu othokoza. Ndinati mwina ankadziwa kuyambira pachiyambi kuti chamba chimenechi chidzatipulumutsa. Anapukusa mutu.

"Usandiyese woyera mtima. Ndinabzalira ine ndekha. Madzi ako aja ndinkaba chifukwa cha fupa langa, osati chifukwa cha mwana. Zangochitika kuti lero chapita kwina."

Madengu anabwera tsiku lotsatira. Limodzi la makaka ndinagawana ndi a Malita.

Malichi

Elube anayamba ndi kulira. Mwana amene anakhala mwezi osalira analilira phala, ndipo ine ndinaseka mpaka misozi. Kutupa kunaphwa, khungu la kumapazi linasenda, ndipo pakutha pa masabata atatu ankathamangitsa nkhuku ya a Malita.

Ababa ndiye anayamba kutha. Chotsala cha chaka chatha chinali chitatha kalekale, ndipo miyezi iwiri yapitayo ankangosuta masamba othothoka okha. Tsopano panalibe ngakhale amenewo. Mvula ya mwezi umenewo inali ya mawawa, yozizira, yotsika ndi nkhungu kuchokera m'phiri, ndipo kuzizira kunkalowa m'fupa lija. Ankakhala pakhonde kaliwo wopanda kanthu ali kukamwa, thukuta likutsika pamphumi ngakhale kukuzizira. Tsinde la kaliwoyo analiluma mpaka linasweka. M'mawa ndinkapeza mphasa yawo itakulungika ndi kutembenuka, maso ali ofiira. Chakudya chinalipo tsopano, koma ankangotsina kawiri n'kukankha mbale.

Ndinayesa zonse. Ndinawathowa ndi madzi otentha, ndinawapaka mafuta a nsatsi, ndinapempha fodya wamba kwa anthu. A Yohane anakatenga mizu kwa munthu wina wa ku Changata. Palibe chinathandiza. Sanadandaule ngakhale tsiku limodzi, ndipo kusadandaulako kunkandipweteka kuposa kukuwa. Elube akabwera kudzakwera pamiyendo pawo, ankamunyamula, nkhope itachita makwinya, n'kumuuza kuti walemera ngati mtondo.

Epulo

Chimanga chinakhwima mochedwa, koma chinakhwima. Sichinali chambiri. Tinadya chachiwisi, tinadya maungu, nandolo anayamba maluwa. Amuna a a Malita sanabwerere, ndipo tinawathandiza kukolola. M'mudzi munayambanso kumveka mitondo. Anthu ankati njala yatha, koma pakhonde pathu panali munthu amene anali asanagone tulo teniteni kwa miyezi iwiri, ndipo chamba chatsopano, ngakhale akanabzala tsiku lomwelo, chinali kutali.

Lolemba lina ndinasiya Elube kwa a Malita n'kukwera phiri. Ndinatsatira kulira kwa sowo mpaka ndinawapeza ocheka matabwa aja, wina ali pamwamba pa chipika, wina m'dzenje, utuchi uli mbuu m'tsitsi. A Bizeki anandizindikira.

"Mwana wa madala aja! Kwagwanji?"

Ndinagwada n'kunena chimene ndabwerera. Anyamata awo anaseka. "Mkazi wa munthu wa tchalitchi kudzafuna chamba kuphiri!"

A Bizeki anawadzudzula ndi diso. Anati mitolo yonse inatha, ina anasuta, ina anatumiza kwawo. Kenako analowa mumsasa n'kutuluka ndi kachidutswa kotalika ngati chala chachikulu. "Aka ndimasungira tsiku lomaliza ntchito. Muli ndi chiyani, mayi?"

Ndinalibe kanthu koma mutu wanga womwewu. Tinagwirizana kuti ndiwatutire matabwa kuchokera pamalo ochekera kukafika kumsewu wa ngolo, masiku awiri. Matabwa aawisi amalemera kuposa mtsuko, ndipo njira yake inali yoterera. Tsiku lachiwiri masana a Bizeki anandiimitsa, thabwa lili pamutu.

"Tulani, mayi, zakwana. Kawapatseni madala. Muwauze kuti a Bizeki akuti chaka chamawa abzale maenje makumi awiri."

Ndinafika kunyumba dzuwa litangopendeka. Ababa anali pakhonde, atatsamira khoma, maso ali potseka koma osagona. Ndinakhala pansi n'kumasula mfundo ya nsalu yanga. Ndisanalankhule, mphuno zawo zinagwedezeka. Anatsegula maso.

Anakatenga kachidutswako ndi manja awiri, anakanunkhiza, anakafinya pang'ono pafupi ndi khutu.

"Ichi n'changa," anatero. "Cha mtengo wa kumapeto uja, wa pafupi ndi nthochi." Ananunkhizanso. "Koma achisunga ponyowa anthu amenewa. Sadziwa kusamala zinthu."

Kenako anayang'ana pamutu panga, pamene matabwa anasupula, ndi matope a m'miyendo. Sanafunse. Anayang'ana kumbali, n'kunena kuti, "Kanditengere khala la moto."

Tsinde la kaliwo analimanga ndi luzi. Anatsina pang'ono kwambiri, kuchepa kwake ngati njere ya nandolo, anayatsa, anakoka katatu. Ndinawaona mapewa akutsika pang'onopang'ono. Zala zimene zinakhala zofumbata miyezi iwiri zinatambasuka pamphasa. Ndisanamalize kusenda maungu, anali atagona chammbali, pakamwa pali yasa, akuliza mkonono masana dzuwa likuswa mtengo.

Ababa anakhala nafe zaka zina zinayi, ndipo a Yohane anadzabatizidwa patapita nthawi, ndi aphunzitsi ena. Koma za tsiku limenelo ndikumbukiranso ichi. A Yohane anatulukira kunjira akuchokera kuntchito, akuimba nyimbo ya ku tchalitchi mokweza monga ankachitira. Atafika pabwalo anamva fungo lija, anaona kaliwo pamphasa, anaona apongozi awo ali m'tulo. Nyimbo inathera pakamwa. Elube anawathamangira akukuwa, iwo anamunyamula msanga n'kumugwira pakamwa. Dzuwa linali litayamba kulowa pakhonde, likuwomba ababa kumaso. A Yohane anandipatsa mwana, anavula jekete lawo lokhalo, ndipo akuyenda monyang'ama analipachika pa nsanamira kuti lichite mthunzi.